Dzino la Mzime Wanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Ana afika, sabata yanga ya holide. Bambo awo awatsitsira pageti injini osazimitsa, ngati akutula matumba a makala. Mtsikana watalika, siketi yamuchepera. Mzime wanga dzino lakutsogolo likugwedera, loyamba kumene. Tsiku limene anayamba sukulu sindinalione. Njinga anaphunzira ine kulibe. Koma dzino ili lichokera m'nyumba mwanga, zivute zitani.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndapita nawo kushopu. Mzime pansi pa makina osokera, kutola zigamba. Mwini diresi yobiriwira wandipatsa theka lokha, lendi ikudikira. Ndagulabe maapulo. Waluma, dzino lili pompo.

Madzulo foni ya bambo awo. Akuti ana abwerere Lachisanu, "mayi akunyumba" akonza ulendo. Chonsecho tinagwirizana Lamlungu. Ndayankha mokweza mpaka aneba kumva: "Mwanayu sachoka pano mpaka dzino lichoke!" Adula foni. Zawo izo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Sanabwere. Kaya ndi manyazi, kaya mafuta a galimoto.

Mzime wayamba kutafunira mbali imodzi. Ndati ndiligwireko, wathawira kuseri kwa chitseko. Telala ine, ulusi wamitundu yonse uli mbwee, koma wakana kuti ndilimange. Mantha a bambo ake enieni.

Loweruka, 9 Ogasiti

Sakuseka. Ukamufunsa akuyankha ndi mutu. Chakudya wadyera kuchipinda, nkhope kukhoma. Basi, wayamba kusowa kwawo kuja. Zandiwawa. Ndalirira kubafa mpopi uli chitsegulire kuti asamve. Za bilu ya madzi tidzaziona.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Ndikulongedza zovala zawo, mtsikana wandinong'oneza: "Amayi, dzino linachokatu Lachisanu masana. Mzime akuti mukadziwa mutibweza."

Anamva foni ija. Masiku awiri milomo ili chitsekere, kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kuti kakhalebe ndi ine. Ine n'kumati kakundida.

Ndatulutsanso zovala m'chikwama. Ndalembera bambo awo pafoni: "Dzino silinachoke." Aitane abale awo onse, tikhale pansi tigawane masiku mwatsopano. Sabata imodzi pa chaka sindiilolanso.

Galimoto yaima pageti. Hutala walira kawiri. Mzime akundiyang'ana, dzanja pakamwa. Alize mpaka batire lithe, ine pampando pano sindidzuka.