Kansalu ka Apongozi pa TV

Loweruka, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ngakhale agalu a kuno ku Libuyu, m'tauni ya Livingstone, alephera kuuwa.

TV yathu yakhala ikuchedwa sabata yonse. Ukadina rimoti, imayamba yaganiza kaye ngati munthu wofunsiridwa ukwati. Ndinafufuta maapu osafunika, ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, koma sizinathandize.

Lero ndaitana ba Mubita, okonza ma TV ku Maramba. Agwira kumbuyo kwake n'kuchotsa dzanja msanga.

"Ba Phiri, iyi TV siidwala, ni kupya chabe. Mwaivalika bulangeti na kupya konse uku? Chosani kansalu aka ipume!"

Kansaluko anapeta ndi apongozi anga, ndipo anakayala okha atangofika kudzacheza, kuti fumbi lisalowe. Katseka timabowo tonse totulutsira mpweya wotentha.

Ndauza mkazi wanga. Iye wangoti, "Amayi ali pakhonde. Kawauzeni nokha."

Ndapita, ndanjuta chapatali, ndawomba m'manja. Ndisanayambe n'komwe, andifunsa ngati kansaluko ndakakonda. Ndayankha kuti m'Livingstone monse mulibe kokongola chotero.

Akondwa kwambiri. Akuti mawa ayamba kupeta kena kokhuthala, kofika mpaka pansi.