Chigubu Chofiira Chatipulumutsa

Bambo a mwana,

Paja ndinanena kuti petulo wa njinga yamoto asamakhale pakhonde pomwe ndimaphikira, inu ndi alamu n'kumandiseka kuti ndine wamantha. Madzulo ano ndangotembenuka kuti nditenge mchere, mwana wanu wakwawira chigubu chofiira cha petulo chija. Waluma chitsekero, wakoka, chakana, basi wachigwetsa. Chagubuduka mpaka kukagunda mbaula, makala ali psuu.

Koma bambo, sichinatayike ngakhale kadontho. Chitsekero chija chofuna kudina kaye musanapotokole, chimene alamu amachitukwana m'mawa uliwonse, ndicho chatipulumutsa. Amene anachipanga ayenera kuti ali ndi mwana wosamva ngati wathuyu, ndikanamudziwa ndikanamugwadira. Chikanakhala chigubu cha mafuta ophikira chimene alamu amasungiramo petulo wawo, bwenzi tikunena zina.

Tsono mukaweruka, zigubu zonse ziwiri mukazikhomere m'kashedi, ndipo alamu agule chofiira chawo. Pepani, simutipeza. Mtima ukukana kukhazikika, ndalongedza kale matewera, tinyamuka kusanade kupita kwa amayi. Mukasamutsa petuloyo mudzatitenge. Chakudya chili mumphika, mudye chozizira chomwecho, mbaula ndabisa.

Ndine mayi a mwana, wamantha uja.