Njinga Yochunidwa Wapampando Ali Kumbuyo

GULU LA MPIKISANO LA AKABAZA A KU CHIPUTULA
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Garaja ya a Frackson Chirwa
Analipo: a Overtoun Mhango (Wapampando), a Frackson Chirwa (Makaniko), a Esme Kamanga (Mlembi), a Walusungu Msiska (woyendetsa njinga pampikisano, sali m'komiti)
Sanabwere: a Zebedee Longwe (Wachiwiri kwa Wapampando), akuti manyazi a mpikisano uja sanawathere.

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero.

2. Mpikisano wa ku Kaning'ina
Wapampando anati tinamaliza pa nambala 9. Mlembi anakumbutsa kuti njinga zamoto zonse zinalipo 9.

A Walusungu anati njinga inkadumpha ngati chule mumsewu wafumbi uja, moti anagwa kawiri. Anafunsa mmene inachunidwira. Makaniko anafotokoza kuti anaiyesa mwachikabaza, monga timachitira masiku onse: iwo kutsogolo, Wapampando kumbuyo. Poti Wapampando ndi munthu wathupi, Makaniko analimbitsa masipuling'i a mashoko mpaka kumapeto, matayala n'kuwapopa kuti gwa. Anati inkayenda bwino chomene. Palibe anakumbukira kuti pampikisano sanyamula pasenjala, komanso kuti a Walusungu ndi ochepa thupi. Mlembi akuvomera kuti tsiku loyesalo ndiye anaomba m'manja kuposa onse.

3. Pempho la woyendetsa
A Walusungu anadandaula kuti tsiku lochuna njingalo anauzidwa kudikira panja, chifukwa malamulo athu amati njinga ya gulu amaigwira ndi a komiti okha. Anati: "Amagwa ndine, osati komiti. Mundilole ndiziichuna ndekha, apo ayi ndikupita ku gulu la ku Mzilawaingwe."

Wapampando anati malamulo sasinthidwa komiti isanakwane. Tinakangana mphindi makumi anayi ngati anthu atatu ndi okwanira. Titagwirizana kuti ndi okwanira, tinavomera pempholo, n'kutembenuka kuti tiwauze. Pabenchi panali helimeti ndi makiyi basi. Makaniko anati anawamva akutsanzika kuti "yewo" kalekale, koma sanafune kuwadula mawu Wapampando.

4. Zina ndi zina
Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti zamuwawa, chifukwa a Walusungu njinga amaitha ndipo tawataya ndi pakamwa pathu. Wapampando anafunsa amene angayendetse pa mpikisano wa Julayi. Tonse tinayang'ana pansi.

Msonkhano wotsatira udzachitika pa 28 Juni pamalo omwewa. Tinatseka 4 koloko, popanda pemphero.

O. Mhango, Wapampando
E. Kamanga, Mlembi