Phazi la Bambo ku Yolyn Am

Dalanzadgad,
17 Juni, 2019.

Okondedwa Achimwene a Gantulga,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, pamene ndikudziwa kuti ku fakitaleko mumaweruka mutatopa. Pa foni sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa mukaimba Bambo amakhala pomwepo, komanso mukundidziwa, mawu amandithawa. Ndayamba ndalemba pa pepala lina kenako n'kukopera pano, koma mukapeza polakwika musandiseke.

Kuno tili bwino, kungoti bondo la Amayi likuvutabe. Mwana wanu Enerel waguluka dzino. Tinalikulunga m'mafuta a nkhosa n'kupatsa galu, monga makolo athu ankatichitira ife.

Achimwene, pali chimene takhala tikukubisirani, ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye. Chichokereni inu kupita ku Korea, Bambo salankhula ndi akazi anu. Amati ndi Alamu a Ariunaa amene anakupatsani maganizo opita kunja, ziweto zathu zitatha ndi chisanu chija. Sakalipa ayi, bola akanamakalipa. Alamu akawapatsa tiyi ndi manja awiri, iwo amayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Uyanga, ndithirire tiyi." Ine ndimathira, nkhope ikutentha ndi manyazi.

Sabata yatha ndikusesa ndinapeza chikwama kunsi kwa bedi la Alamu, zovala zawo ndi za Enerel zitapindidwa kale. Nditawafunsa anati, "Mng'ono wanga, ndatopa kukhala ngati mzati wa nyumba, anthu n'kumangondilambalala. Mwezi uno ukatha ndikupita kwathu ku Arvaikheer ndi mwana."

Ndinathamangira kwa Malume a Lkhagva, poti ine pandekha sindikanatha kanthu. Iwo anaganiza pang'ono n'kuti, "Loweruka tonse tikayende ku chigwa cha Yolyn Am. M'galimoto yanga anthu amalankhulana, ngakhale kungothandizana kutukwana msewu." Bambo anavomera chifukwa ndi mapiri amene ankadyetserako mbuzi ali mnyamata.

Koma m'galimotomo sizinayende. Bambo anakhala kutsogolo, maso ali m'chipululu. Titadutsa gulu la ngamila, Enerel anafunsa mokweza kuti, "Agogo, ku Arvaikheer kulinso ngamila? Amama akuti tikapita sitibweranso."

Alamu anawerama. Malume anayamba kuimba ndi mawu awo oipa aja, koma ine ndinaona khosi la Bambo litauma ngati mtengo.

Titasiya galimoto pakhomo pa chigwa, tinazungulira mulu wa miyala ndi kuponyapo yathu monga mwa mwambo. Amayi anatsala pomwepo kuti aphike tiyi wathu wa mkaka ndi mchere, poti bondo silikanawalola. Malume anasenza Enerel paphewa n'kutsogola, akudandaula kuti, "Kamwana aka mukukadyetsa miyala kodi?" Pambuyo pawo panali Alamu, kenako Bambo, ine kumapeto.

Mukukumbukira paja mapiri amayandikana mpaka thambo n'kutsala ngati lamba? Madzi oundana akadalipo chaka chino, ngakhale kunja kukutentha. Tili pamwamba pake Bambo anafuula kuti, "Taonani muimba uwo!" Alamu anakweza maso n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti auone bwino, basi n'kuponda phazi la Bambo.

Inu mukudziwa, munthu ukaponda mnzako dzanja limapita lokha kuti mugwirane chanza musadane, usanaganize n'komwe. Alamu anatembenuka atatambasula kale dzanja, ndiye n'kuona kuti amene apondedwa ndi ndani. Dzanja lija linangokhala m'malere.

"Bambo a Gantulga, dzanja ilo!" anatero Malume. "Wakupondani mwana, mukufuna mukhale adani mpaka kumanda? Fulumirani, ine mapewa akuthyoka kuno!"

Bambo analandira dzanja lija.

"Pepani, Bambo," anatero Alamu, mawu akumveka pang'ono.

"Uli ndi phazi lolemera, mwana wanga. Ngati la ngamila."

Achimwene, anati mwana wanga. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndipo sanalisiye dzanjalo. Anati, "Pano m'poterera, ndigwire mpaka tiwoloke." Bambo amene ankatiwolotsa tonse awiri pa madzi oundana atanyamulanso mwana wa nkhosa! Anayenda choncho mpaka tinafika pouma. Alamu ankapukuta m'maso ndi mkono winawo, n'kumati ndi mphepo.

Titabwerera pa galimoto, Amayi anapatsa Alamu mbale ya tiyi yoti apatse Bambo, osadziwa chimene chachitika, ndipo Alamu anayang'ana ine monga mwa masiku onse. Ine ndinawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomangidwa kale. Bambo anatambasula dzanja lamanja n'kulandira. Atalawa anati, "Mchere wachepa."

"Tiyiyo ndaphika ndine, nkhalamba iwe," anatero Amayi.

"N'chifukwa chake. Mawa aphike mwanayu."

Tinagona kwa anzawo a Malume amene amaweta ngamila kuseri kwa phiri, ndipo Lamulungu m'mawa tiyi anaphikadi Alamu. Bambo anamwa osadandaula, kenako anakweza Enerel pa ngamila n'kumayenda naye, akumuuza kuti ngamila za ku Arvaikheer n'zoonda ndipo zimaluma ana.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndikudziwa ine ndekha. Mukudziwa kuti ndimaopa kugwa, moti poyenda maso anga sachoka pansi. Ena onse atayang'ana kumwamba, ine ndinaona Bambo akusendeza phazi lawo mpaka kuseri kwa chidendene cha Alamu, n'kulisiya pamenepo likudikira. Nditakweza maso, kumwamba kunalibe muimba, ngakhale khwangwala. Madzulo ndinawaona akutsimphina pang'ono poti nsapato za Alamu n'zolimba, ndipo atandiona ndikuwayang'ana anati, "Iwe, ulibe ntchito?"

Chonde zimenezi musadzazitchule kwa iwo, kapena kwa Alamu. Ine sindinaone kanthu, inunso simunamve.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Chikwama chija chikadali kunsi kwa bedi. Sindinachitsegulenso, si changa. Koma lero m'mawa ndaona malaya ofiira a Enerel, amene anali pamwamba m'chikwamamo, atayanikidwa pa chingwe.

Pempho langa ndi ili. Muwauze Bambo ndi pakamwa panu kuti ulendo wa ku Korea munaufuna nokha, chifukwa ine ndinalipo tsiku limene Alamu ankakuletsani akulira. Bambo apereka phazi lawo, zotsalazo n'zanu. Mutiuzenso ngati mudzakhale nafe pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Mwezi Woyera. Alamu safunsa, koma ndikudziwa kuti akudikira yankho limeneli.

Amayi akuti muzivala zofunda ndipo musamadye zakudya za m'mapaketi zokhazokha. Malume akuti galimoto yawo yagwira ntchito yake. Enerel akuti dzino latsopano likubwera, mufulumire lisanakule. Bambo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anati, "Umuuze kuti mkazi wake amaphika tiyi wabwino."

Chonde yankhani msanga, Achimwene, mwezi uno usanathe.

Ndine mlongo wanu,
Uyanga