Notisi ya a Haruna

Lolemba, 4 Ogasiti

Ine Dorothy, mwana wa malemu a Kachingwe, mwini wovomerezeka wa nyumba ya zipinda zitatu ku Senga Bay, ndikulemba dandaulo ili ndi mtima wosweka koma mutu uli bwinobwino. A Haruna, ogulitsa usipa, amene akuchita lendi m'nyumba imeneyo, apenta chitseko changa. Chobiriwira. Osati kubiriwira kwaulemu ngati tsamba la mango, ayi, kubiriwira kwa ndulu ya mbuzi. Osandifunsa. Akuti, "Penti inatsala kubwato, mayi, tikanataya?" Nyumba ya bambo anga yasanduka bwato. Kwatsala n'kuimangirira injini.

Koma za chitseko n'zongotsukira m'kamwa. Loji imene ndimagwirako ntchito yagulitsidwa. Eni atsopano akubwera ndi anthu awo. Nyumba ya kuntchito nditulukemo pakutha pa Seputembala. Digiri ilipo, pogona palibe. Nyumba yanga yokhayo, muli anthu.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndakawauza a Haruna pakamwa kuti atuluke, mwaulemu wa kuyunivesite. Iwo ali pamkeka, akutokosa m'mano. "Insha Allah, tiona." Ndawauza kuti Insha Allah si deti. Aseka. Akuti zaka zonsezi andisungira nyumba, chiswe sichinalowe. Ngati ndinawalemba ulonda.

Akazi awo, a Naima, abweretsa tiyi wa tangawizi. Ndinafuna kukana kuti aone kuti ndakwiya. Ndamwa. Wokoma, mwatsoka.

Ana awo akunditchula anti. Ine si anti wawo.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Mchimwene wanga Sangwani, katswiri wa malamulo a m'bala: "Zula malata awiri pamwamba, mwera uwaphunzitse." Maganizo okongola. Ndawasilira tsiku lonse, ngakhale m'tchalitchi.

Kenako Lenard, wa m'kalasi mwathu uja, loya ku Lilongwe, wandithira madzi ozizira pafoni. Malata osakhudza. Loko osasintha. Madzi osadula. Katundu osaponya panja. Notisi yolemba, ya mwezi wathunthu poti amalipira pamwezi, deti yotulukira yomveka, iperekedwe m'manja pamaso pa mboni. Akakana, kukhoti. Ndamufunsa kuti nanga ine lamulo landisungira chiyani. Akuti, "Ufulu wodikira."

Tinkamupatsa manotsi munthu ameneyu.

Notisi ipite Ogasiti asanathe, atuluke pakutha pa Seputembala, ine ndilowe. Nthawi ilipo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Notisi yatha. Ndaiwerenga mokweza, ndadziombera m'manja. Muli mbiri ya bambo anga, muli mamba a nsomba a m'ngalande, muli Chilatini pang'ono.

Lenard waisenda ngati mbuzi. Wachotsa mawu oti "nsikidzi". Wachotsa ndime yonse ya khalidwe la munthu wolandiridwa. "Dorothy, notisi si ulaliki." Zatsala: dzina, nyumba, deti, siginecha. Youma gwa. Munthu angailandire osamva kuwawa paliponse. Nanga phindu lake?

Sindiipereka choncho. Ndiikonzanso.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Ndakumana ndi a Haruna padepoti kuboma, akukweza matumba a usipa. Afuula anthu onse akumva: "Alandilodi! Kalata ija mwaisiya kuti? Kapena mukuilemba m'Chitchaina?" Makondakitala kuseka. Ndangoyenda ngati sindinamve. Ndinamva.

Chabwino. Ya Lenard yomweyo, youmayo. Ndaisindikiza, makope awiri. Triza wa pa risepushoni wavomera umboni, bola ndimugulire yunitsi. Lachiwiri.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Diresi la buluu, nsapato zazitali, envelopu m'chikwama, Triza kumbuyo. Mawu ndinawaloweza m'njira.

Pakhomo nsapato mbwee. Azimayi pakhonde, mipango kumutu. Azibambo akubwera cha kumsewu, fumbi m'miyendo.

A Haruna anagwa m'mawa pamsika. Pofika kuchipatala anali atapita. Asilamu sachedwetsa maliro. Pamene ine ndimasita diresi, iwo amawasambitsa. Pamene ndimafika, anali atawaika kale.

Munthu amene sanafulumirepo pa chilichonse.

Ndavula nsapato, ndakhala pansi. A Naima andigwira dzanja osalisiya. "Mwabwera, anti." Chikwama pamiyendo, cholemera ngati mwala. Ndalira. Sindikudziwa ndimalirira ndani.

Loweruka, 30 Ogasiti

Ndasintha dzina pa notisi, ndaikapo la a Naima. Inde, ndasintha. Ondiweruza andipatse kaye pogona.

Ndapita nayo, koma sindinadutse pakhonde. A Abbas, akulu awo a malemu, andilandira ndi ulemu wonola bwino. Akuti mlamu wawo ali pa eda: mkazi wamasiye sachoka m'nyumba imene mwamuna wamusiyamo mpaka miyezi inayi ndi masiku khumi. "Lendi tizilipira ife, mayi. Koma mlamu wathu sasuntha, ngakhale mubwere ndi apolisi."

Ndiye kuti Januwale.

Lenard akuti kukhoti ndikhoza kupita ndithu. "Koma mlandu ukamadzatha, eda itatha kale. Ndipo iwe udzakhala mayi uja anathamangitsa wamasiye. Nsomba uzidzagula kwa ndani?"

Zaka zonse ndakhala pakati pa anthu awa. Eda ndimangoimva ngati dzina la munthu.

Lachiwiri, 30 Seputembala

Makiyi a kuntchito ndapereka. Sangwani akuti kwake n'kochepa, mlamu sakufuna. Abale!

A Naima anatuma mawu kudzera kwa a Abbas: "Anti asavutike nyumba ili yawo." Andipatsa kachipinda ka kuseri, kamene malemu ankasungiramo usipa. Akolopa kawiri. Fungo lakana kusamuka, nalonso lili pa eda. Matiresi pansi, mabuku pa kreti. Alendo aamuna saloledwa pabwalo. Mwini nyumba ndikugogoda popita kubafa.

Madzulo anditumizira mpunga. Ndadya mokwiya. Ndamaliza.

Khoma lake n'lopyapyala. Bambo anaumira simenti. Chilichonse chikumveka.

Choncho, poti malamulo ndawaphunzira ndi thukuta: wochoka m'nyumba ya lendi amayenera kupereka notisi ya mwezi wathunthu. A Haruna achoka osapereka, osatsanzika, osabweza kiyi. Ine Dorothy ndikufuna chipukuta misozi, ndipo ndalama sindilandira. Abwere okha, tsiku limodzi lokha, alandire envelopu iyi m'manja pamaso pa mboni, asayine makope onse awiri. Akatero alowe m'chipinda umo akawatonthoze akazi awo, chifukwa kulira kumeneku ine sindingakupirire mpaka Januwale.