Wotchi imene Bambo anajambula

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Mwendo wa Amayi uli bwanji, ukutupabe? Kuno tilipo, kungoti mpopi wathu wauma sabata yachiwiri tsopano.

Ndikudziwa kuti chimene mukufuna kumva ndi za Bambo, ngati angabwerere pa makina awo ochekera matabwa. Thupi labwereramo ndithu. Chidwalireni sitiroko ija, ino ndi nthawi yoyamba kuwaona akuyenda opanda ndodo, ndipo pakamwa pokha mukupadziwa, sipanadwale n'komwe. Lachiwiri tinapita nawo kwa katswiri amene adokotala anatitumizako, mayi woyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito. Si wa jakisoni kapena mapiritsi. Zida zake ndi mapepala, pensulo, timatabwa ndi kawotchi ka m'manja.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Neba wathu anandiuza kuti kumeneko amafunsa tsiku, mwezi ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ndiye masiku atatu ndinawaphunzitsa Bambo ngati mwana wokalemba mayeso, mpaka m'basi momwe tinkabwereza. Titalowa, anatchula tsiku mayiyo asanamalize funso, n'kuyambapo kuwerenga chobwerera asanapemphedwe. Mayiyo anaseka n'kufunsa kuti mphunzitsi wawo ndani. Bambo anandiloza ine. Ndinachita kusowa poyang'ana.

Mayiyo sanandikalipire. Anangoti ambiri amatero chifukwa cha chikondi, koma mayesowa si oti munthu akhoze, ndi oti aone pamene pavulala. Anandikhazika pampando wa kumbuyo kwa Bambo, poti anaona kuti milomo yanga ikuyenda yokha, n'kutulutsa mapepala ena amene neba uja sankawadziwa.

Bambo, monga mukuwadziwa, anayamba ndiwo kumuyesa iye. Anamufunsa kuti ntchito yosewera ndi mapensulo anaiphunzira kuti. Anayankha modekha kuti atamaliza maphunziro a za maganizo a anthu kuyunivesite, anawonjezera zaka zina za ubongo wokhawokha, kenako anakhala zaka ziwiri m'wodi akuyeza odwala, akuluakulu ake akumuyang'anira, asanaloledwe kusaina lipoti payekha. M'mawa amaona ana, ena akhunyu, ena amene kuwerenga kukuwavuta kusukulu, ndipo masana amaona akuluakulu. Anatinso zotsatira za Bambo aziyerekeza ndi za anthu a msinkhu wawo amene sukulu analekezera pofanana ndi iwo. Apo Bambo anavomera kuti mwanayu anasulidwa bwino, n'kukhala tsonga.

Tinakhalamo maola atatu. Mawu amene anawauza kuti asunge anawakumbukira pafupifupi onse, ndipo masamu anandiposa ine. Timatabwa tofiira ndi toyera anatitembenuzatembenuza n'kudandaula kuti amene anatipala ndi waulesi, koma kutisanja kuti tifanane ndi chithunzi kunawakanika. Kenako mayiyo anawapempha kujambula wotchi. Achimwene, munthu uja amene amalemba mzere wowongoka popanda rula, manambala onse khumi ndi awiri anawapanikiza mbali ya kumanja. Kumanzere kunangoti mbee. Atafunsidwa ngati amaliza, anati inde, n'kubweza pensulo.

Mayiyo anafotokoza kuti maso ali bwinobwino, koma ubongo sukusamala zimene zili kumanzere, ndipo mwini wake sadziwa kuti pali chimene chikumudutsa. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amasiya chakudya mbali imodzi ya mbale. Ine ndinkangoti akunyoza kaphikidwe kanga. Za makina anafunsa okha Bambo, ndipo iye anawayankha akuwayang'ana kumaso.

"Bambo, mukamacheka, dzanja lamanzere limakhala pafupi ndi mpeni, ndipo panopa ubongo wanu sukulilondera dzanja limenelo. Pulena ndi sandipepa mungagwire, wina ali pambali panu. Tidzayezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ena zimasintha, ena ayi, ndiye sindikulonjezani."

Bambo anatola chipewa chawo n'kutuluka. M'basi anangoyang'ana pawindo mpaka kunyumba, chipewa chili pamwendo. Zinandiwawa kwambiri, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Bambo akubwerera kumeneko Loweruka la sabata yamawa. Asanafike, masulani mpeni pa makina aja mukausunge kwanu, osati m'shedi mmene angaupeze. Ndikudziwa kuti mabenchi amene munalonjeza anthu akudikira, ndipo kugwira nokha n'kolemetsa, koma musawalole ngakhale atati ndi thabwa limodzi lokha. Adzalumbira kuti akuona zonse, ndipo sadzakhala akunama, ndi mmene iwo akuonera. Adzakukumbutsaninso kuti anakuphunzitsani ntchito ndi iwo. Musachite nawo manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lipoti ndi pepala la zoyeserera za tsiku ndi tsiku zimene mayiyo anatipatsa ndaika mu envulopu yomweyi.

Alamu anu ndi ana akupereka moni. Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa mng'ono wanga, mumuuze kuti foni imayimbanso kuchokera kumeneko.

Moni waukulu upite kwa Amayi. Dzulo Bambo anandiitanira pakhonde n'kundipempha kuti za wotchiyo Amayi asazimve. Sindinawalonjeze. Muwawerengere Amayi kalata yonseyi osadumpha mzere, chifukwa kuyambira tsopano, pamsewu ndi kulikonse, ndi iwo amene aziyenda kumanzere kwa Bambo.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa