Mwana wa Phulusa

Tsévié,
9 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene a Dodzi,

Ndikudziwa kuti mudabwa kuona kalata yanga patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Musaope, kuno sikunagwe maliro. Ine ndilipo, bondo lokha ndilo likundiletsa kukumba mauna a njoka monga kale. Mlamu wanu Akossiwa amati ndikukalamba ndi mkwiyo. Ine ndimamuyankha kuti mkwiyowo unachita kubzalidwa, ndipo wobzalayo mukumudziwa.

Mukumukumbukira Phulusa, nsato yamphongo yotuwa ija ndinaifukula pa chulu m'munda wa chinangwa? Akadali moyo. Ogula njoka a ku Lomé anandiuza nthawi ija kuti kutuwa kokha si kanthu. Njoka imatchedwa mtundu watsopano pokhapokha khungu lakelo likaonekanso pa ana ake. Apo ayi, ndi ngozi chabe ya m'dzira. Ndinakana kumugulitsa. Ndinamupezera yaikazi, ndipo mazira asanu ndi awiri ndinawasamala mu utuchi miyezi iwiri.

Tsiku loswa munalipo. Ana onse anatuluka akuda ndi ofiirira ngati nsato iliyonse ya m'tchire. Munaseka mpaka kachasu wathu wa sodabi kutayikira pa malaya, n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Kossivi, mkazi wa njoka yakoyi ali ndi chibwenzi kuseri." Mpaka lero kumsika amandilonjera ndi mawu amenewo. Ana asanu ndi mmodzi ndinakawasiya kutchire, kumene timabwezera zazikazi zikatha kuikira. Wotsalayo, wamkazi, munamuponya m'thumba, n'kumati akakugwirirani makoswe m'nkhokwe ku Badou. Sindinakuperekezeni.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wogula njoka, dzina lake Essenam, wophunzira za ziweto. Ataona Phulusa anafunsa ngati anaberekapo. Ndinamufotokozera zonse, kupatula za kuseka kwanu. Anagwira kumutu.

"Agogo, ndiye ana ajawo munawaika kuti?"

Akuti pali mtundu wina umene umabisala. Mwana akaulandira kwa bambo yekha, suoneka, umangogona m'magazi. Umadzuka ukachokera kuwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Ndiye kuti mwina ana anga aja onse anali ndi kutuwa m'kati, ine n'kumawayang'ana kunja. Akuti mwana wamkazi atabwezedwa kwa Phulusa, mazira ena akhoza kuswa otuwa, ndipo pamenepo m'pamene tingadziwe zoona.

Ndinamuuza kuti za bambo ndi mwana wake ndi malaulo.

"Njoka sizipita kutchalitchi, agogo," anatero.

Kuyambira tsikulo mutu wanga sukupuma. Sukulu ndinalekera panjira, koma ndikumbukira chala chachisanu ndi chimodzi cha agogo athu a Afatsao. Bambo analibe, inu mulibe, ine ndilibe, koma ndinamva kuti mdzukulu wanu anabadwa nacho. Zaka zonsezi chinkagona kuti chalacho? Mwa inu? Nanga ndi zinthu zingati zimene tikuyenda nazo osadziwa? Ndikaona nsato panjira masiku ano ndimaiyang'anitsitsa, kuti mwina ndi mdzukulu wa Phulusa. Akossiwa akuti ndayamba misala.

Tsono Phulusa wakalamba, achimwene. Anali wamkulu kale pamene ndinamupeza, ndipo chaka chino wakana khoswe kanayi. Nyengo yokwerana iyamba mwezi wamawa. Sindikudziwa ngati adzaona ina. Ndikufuna ndisanafe ndione dzira limodzi lokha likung'ambika n'kutuluka mutu wotuwa. Kapena lisatuluke, koma ndidziwe.

Sindikupempha kanthu. Wamkazi uja munamutenga nokha, ndipo chimene munthu wapatsidwa ndi chake. Ndangoti ndikuuzeni, poti munalipo pa chiyambi. Ndiponso ndinene kuti amene anataya ana aja kutchire si inu ayi, ndine ndemwe. Izi sindinamuuzepo Akossiwa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mawusi. Moni kwa ana onse, makamaka wa zala uja, amene sindinamuonepo. Ngati galimoto za ku Badou zikudutsabe kuno Loweruka, mphasa ilipo, sodabi ndidzagula, ndipo mukafuna kuseka mudzaseke.

Mundiperekerenso moni kwa uyo wa m'nkhokwe, ngati alipo. Mundiuze kuti alipo.

Ine mng'ono wanu,
Kossivi